Mfuti ya Atate Yakalamba

Ndinaikulunga m'chitenje ngati mwana wodwala,
pepala la apolisi nditalipinda pachifuwa,
n'kukwera njinga ya hayala kuchoka ku Chiparamba,
fumbi likundilowa m'mano.
Nguluwe zatha mizere isanu ndi iwiri ya nshawa,
ndipo pakhomo pathu mwamuna amene watsala
ndi mfuti imeneyi.

Inabwera ndi agogo awo a atate
tauni ino isanatchedwe Chipata.
Pathako pake pali timizere tolemba ndi mpeni,
kaya ankawerenga njati, kaya ana obadwa, sindidziwa.
Manambala a pachitsulo anafufutika
ngati dzina la pamtanda wa kumanda.

Kumunsi kwa tauni, kuseri kwa sitolo ya malata,
mnyamata wa malaya oyera ananditsegulira kabokosi:
zipolopolo makumi awiri, waliwali ngati mano a golide.
"Izi, amayi, n'za masiku ano. Ndi njovu yomwe imagwada."
Anayesa chimodzi. Chinalowa bwinobwino, osakakamiza.
Ine n'kuti nditayamba kale kumasula mfundo ya ndalama.

"Chotsa."

Mawuwo anachokera kumdima, konunkha girisi.
A Zakeyo Shawa, magalasi omanga ndi ulusi,
anatambasula dzanja kuti alandire mfutiyo,
ine n'kuwerenga mosafuna:
chala chachikulu, chamkombaphala, basi.
"Zinazo zinatsala ku Msoro," anatero osandiyang'ana,
"tsiku limene ndinadyetsa gogodela wa malume
chakudya chosakhala chake."

Analoza mpope kukhomo, kumene kunali dzuwa,
n'kusuzumiramo diso limodzi, nthawi yaitali,
ngati munthu wofuna ndowa yogwera m'chitsime.
Anagogoda chitsulo ndi kiyi, n'kumvetsera.
Anagogodanso.

"Kulowa si kuyenera, Tisiyenji.
Njoka nayo imalowa bwino m'nsapato.
Chitsulo ichi anachisulira wonga waulesi,
wofuka utsi, wokankha pang'onopang'ono ngati ng'ombe pagoli.
Wonga wa lero sukankha, umamenya mbama.
Kodi nkhalamba yopanda mano
umaipatsa chimanga chokazinga
chifukwa choti chikukwana m'kamwa?"

Mnyamata uja anatseka kabokosi mwakachetechete.

Anayeza, analemba, anafufuta, anayezanso,
anatsegula buku lopanda chikuto, lamasamba achikasu,
chala chotsala chija chikutsika mzere ndi mzere.
"Zake zilipo, zofatsa. Koma ziyenera kuchokera ku Lusaka.
Masabata atatu, mwina anayi basi ikachedwa.
Ndipo zikafika, woyamba kuwombera sudzakhala iwe.
Ndidzaimanga patayala kutchire kopanda mbuzi,
ndidzakoke ndi chingwe nditabisala kuseri kwa chulu.
Ikapirira, n'jako.
Ikang'ambika, ing'ambikire tayala,
tayala lilibe ana."

"Nanga nshawa zanga, a Shawa?"

"Nshawa zimameranso chaka chamawa."
Anayang'ana dzanja lawo.
Sanapitirize.

Ndinadutsa pamsika wa Kapata chimanjamanja,
chitenje chopinda kukhwapa, chopepuka ngati chinyengo.
Ndalama ya zipolopolo ndinagulako mabatire a tochi,
yotsala ndinaimanganso mfundo, ziwiri.

Tsopano usiku ndimagona m'khumbi pakati pa munda,
ndi chigubu chachitsulo ndi mtengo wa khasu.
Zikabwera zimayamba ndi kufwenthera kumadzi.
Ndimamenya, ndimakuwa, galu amandithandiza,
zimathawa, zimabweranso tambala asanalire.
Dzulo zadya mzere wachisanu ndi chitatu.

Koma m'mawa, posamba m'manja,
ndimapeza kuti ndikuwerenga.
Atate ankati mfutiyi sinawakhumudwitsepo.
Sanandiuze kuti iwonso, pamapeto,
ankatafuna mbali imodzi,
ndipo nyama tinkawaphikira mpaka ilekane ndi fupa.

Khumi.
Zonse zilipo.
Lero ndi Lachinayi la sabata yachiwiri.