Kanyali ka pa Fulashi

Malaiti atabwerera ku Kapata usiku wa Lachitatu,
firiji inadzuka ndi kubuula kwake,
wailesi ya aneba inapitiriza pomwe inalekezera,
koma kanyali ka pa fulashi sikanaphethire.

Rauta yathu imakhala pamwamba pa kabati,
pakati pa Baibulo ndi botolo la mafuta odzola.
Kumbuyo kwake ndinasomekako fulashi chaka chatha,
yakuda, yopanda chivindikiro, yochepa ngati chala cha khanda,
kuti aliyense m'nyumba muno azitunga ndi foni yake:
Zelipa mapepala a mayeso akale,
Yotamu zithunzi za ukwati zomwe sanamalize kulipira,
amayi mawu a bambo.

Mphindi khumi ndi zinayi.
Ndinawajambula ali gone m'chipatala chachikulu,
akutchula malire a munda wa ku Msekera,
kuyambira pa chulu, kutsika ndi msuku wowombedwa ndi mphezi,
mpaka pomwe madzi amaima mu Febuluwale,
akutsokomola, kenako kuseka,
kenako kundifunsa ngati kanthuka kakumvadi.

Tsopano foni ikuti mulibe kanthu.

Ndinaizula.
Ndinaiuzira kukamwa
monga timauzira diso la mwana mukagwa kachitsotso.
Ndinaibwezera. Zii.
Ndinathimitsa rauta, ndinawerenga mpaka makumi atatu,
nkuwonjezerapo khumi poopa kuti ndathamanga.
Nyali zinayaka motsatizana, kupatula ija.
Yotamu akuti kabowo ka rauta kamapereka moto wochepa.
Zelipa akuti ndi vairasi yomwe Yotamu anabwera nayo.
Amayi sanayankhe.
Anapitiriza kusita malaya osita kale.

M'mawa ndinakwera kabaza mpaka ku Dauni Shopu,
fulashi ili m'bokosi la machesi, bokosi lili m'thumba la pamtima.
Gelesomu Miti, wokonza mafoni pakhonde la mmwenye,
anaitembenuza kawiri, osandiyang'ana.
“Malaiti anathima ili mkati molemba. Zimatero.
Rauta njamantha, ikaona zosokonekera imakana kutsegula.
Tingoifomata.”
Ndinafunsa kufomata nkutani, ngakhale ndinkadziwa.
“Kusesa nyumba yonse,” anatero,
“mipando, ndi eni ake omwe.”
Ndinamugwira dzanja lisanafike pa batani.

Anapuma mozama, natulutsa laputopu yomangidwa ndi tepi.
Choyamba tikopere zomwe zikuoneka, kukonza pambuyo.
Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa ngati bongololo.
Panadutsa loli ya fodya.
Panadutsa mayi wa nthochi, kupita, kubwerera.
Kanaima pakati, nanenso mpweya unaima,
kenako kananyamuka ngati sikanalakwe.

Mapepala a Zelipa anatuluka onse, mwatsoka lake.
Ukwati wa Yotamu unabwera woduka:
mkwatibwi woyera mpaka m'chiuno, kumunsi phulusa lokhalokha.
Dzina la fayilo ya bambo linasanduka manambala,
koma Gelesomu ataidina
chifuwa chija chinatsokomola pakati pa phokoso la msika,
ndipo mnyamatayo anatsitsa wailesi yake osauzidwa.

Ndinalipira makwacha makumi asanu.
Ndinagula fulashi ina, nkutumizanso mawuwo
kwa mlongo wanga ku Katete,
poti dzira limodzi sasungira pamwamba pa kabati.

Madzulo ndinaisomeka pang'onopang'ono.
Kanyali kanaganiza kaye.
Kenako phethi, phethi, phethi.

Amayi anakhala pa mpando, foni pakhutu ngati akuimbiridwa.
Chulu chinadutsa.
Atafika pa msuku anaimitsa ndi chala.
“Apa ndiye ananama bambo ako,” anatero,
“msukuwo uli mbali ya a Sakala.”
Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje,
nabwezera kumayambiriro.