Ngamila m'Chiperoni

Chiperoni chagwira phiri masiku anayi tsopano.
Sapitwa sakuoneka, ngakhale mtengo wa mapeyala kuseri kwa sikelo.
Othyola tiyi abwerera kumalaini atanyowa chonyowa,
ine ndatsala m'shedi ndi buku la makilo
ndi pepala lomwe anandikulungira usipa pa Chitakale.

Papepalapo pali timabokosi,
makumi awiri chotsika, makumi awiri chopingasa,
manambala ali m'mphepete ngati anthu pamzere wa malipiro.
Akuti detsa monga manambala akunenera,
chithunzi chituluka chokha. Osalota.
Pomwe adalemba dzina la chithunzicho mafuta a usipa adadyapo.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikulemba makilo a anthu,
nambala sindiiopa.
Mzere wapansi akuti makumi awiri. Ndadetsa wonse: nthaka imeneyo.
Pamwamba pake wani, wani, wani, wani,
timiyendo toonda ngati ta tebulo la kusukulu.
Makwinja mlonda wasuzumira paphewa panga,
akuti ndi ng'ombe ya ku Chikwawa iyo, taonani linunda.
Koma khosi likungokwera,
mzere ndi mzere likungokwera,
ng'ombe yanji ya khosi lotere, Makwinja?

Ndaphunzira kanthu madzulo ano:
kabokosi kopanda kanthu nakonso ndi yankho.
Umaikapo kadontho, kuti pano ndatsimikiza, palibe.
Madontho achuluka, pepala lonse lasanduka mchenga.

Pensulo yaima yokha.
Ngamila.
Ndi ina yaing'ono pambuyo pake.

Elube, mwana wanga,
pachithunzi chomaliza chomwe udatumiza pafoni
zidali kumbuyo kwako, zitatu, kutsidya kwa msewu wa phula,
iwe utafunda nsalu yakuda ya eni nyumba, ukuseka ndi maso okha.
Udati ababa, kuno mvula amaionera pakanema.
Lero akwana masabata khumi ndi limodzi
foni yako ikuyankhidwa ndi mzimayi wa m'makina
m'chilankhulo chomwe sindichimva.
Mnyamata wa ku Limbe amene adakupezera ntchitoyo
akuti dikirani mdala, pasipoti amasunga ndi abwana, ndi mmene zimakhalira.

Ukadakhala mzere wa papepalali ndikadakupeza,
pakuti pomwe palibe iwe ndapadziwa ponse.
Kumsika wa Limbuli ndaika kadontho.
Kukwaya Loweruka, kadontho.
Pamwala wochapira ku Muloza, kadontho,
pamphasa yako, pambale yako yong'aluka m'mbali.
Madontho okhaokha, ndipo m'mphepete mulibe nambala
yondiuza kuti detsa apa.

Kwatsala mizere iwiri.
Pamenepo napo mafuta adadya manambala,
moti mutu wa ngamila yaing'onoyo utha kukhala kuwiri:
kuyang'ana kutsogolo komwe yaikulu ikupita,
kapena kucheukira komwe yachokera.
Ndawerenga chotsika, ndawerenga chopingasa,
ndayatsa tochi kuseri kwa pepala.
Konse kukuvomera.

Denga likudontha pa buku la makilo.
Makwinja akuti tsekani, akalaliki, kwada.
Zaka zonsezi sindinalembepo nambala
yomwe sikelo sinanene,
ngakhale tsiku lomwe mlamu wanga adandichonderera makilo awiri.

Ndanyambita nsonga ya pensulo.
Ndadetsa timabokosi titatu ta kumanzere,
ndipo kangamilako kacheuka.