Chilolezo cha Zenera

Ine ndinangopempha zenera.
Limodzi, la kum'mawa, mkono umodzi ndi theka,
kuti dzuwa lizindithandiza kulowetsa ulusi m'singano
poti maso anga ayamba kunditsutsa.

Ku khonsolo anandipatsa fomu ya masamba asanu.
Anati, Nyumba yanu ili m'kaundula, a Twaibu,
si yanu nokha ayi, ndi ya dziko.
Ndinati, Dzikolo linali kuti mu Januwale
pamene ndinkatchera mabeseni anayi pansi pa malata,
diresi la ukwati la mwana wa a Mwadini
nditalifunditsa majumbo?

Lachitatu kunabwera mtsikana wa ku Lilongwe,
Kamchacha dzina la bambo ake,
tepi m'thumba, kamera pakhosi,
nsapato zitafiira kale ndi fumbi la ku Linga.
Anagwira khoma langa ngati akumva malungo pamphumi pa mwana.
Njerwa izi, anatero, zasunga zala za amene anaziumba.
Ndinangoti eya, maso ali pa wotchi.
Mayunifomu a sukulu anali kundidikira.

Kenaka anafunsa za mphete yachitsulo ija
yomwe ndimakolekapo sizasi.
Bambo anga ankati pankamangidwa bulu wonyamula mchere.
Azakhali ankati si bulu,
akatero n'kulavula pansi, n'kuyamba nkhani ya mvula.
Mtsikanayo anakhala kanthawi cholembera chili m'mwamba.
Zenera lanu, anati, likudutsa pomwepa.

Kalata inafika mpunga utakololedwa kale.
Zidindo ziwiri, Chingerezi chokhachokha.
Mdzukulu wanga anandimasulira akutafuna nzimbe:
denga mukonze, koma malata akhale a mtundu womwewo
(amene anawapanga anafa ine ndisanamere mano),
simenti ayi, laimu yekha,
khoma la kum'mawa lisakhudzidwe.
Zenera boolani kumadzulo, laling'ono.
Kumadzulo kuli chimbudzi cha aneba
ndi mtengo wa mango wosabala.

Ndinapsa mtima, ndisaname.
Ndinabwereka hamala ndi tchizulo kwa Sumaili mmisiri,
n'kudikira usiku wa magetsi othima.
Akanandiona ndani? Mlonda wa pagolosale
amayamba mkonono nthawi ya Isha isanathe.
Ndinaluma foni pakamwa kuti iziunika,
tchizulo n'kuika pa njerwa yoyandikana ndi mphete,
ndipo kuwala kunagwera pa zala zija.
Zinayi. Zazifupi.
Ndinayesa kugonekamo zanga, sizinalowe.
Dzanja limenelo silikanatha n'kutsegula komwe sizasi yanga.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikutsamira pamenepa
pomwa tiyi, powerenga ndalama, potukwana ongongola,
osadziwa kuti ndatsamira chikhatho cha mwana.

Anali wa yani? Anamulipira chiyani?
Kapena anangothamangira nkhuku
n'kugwera pa njerwa yaiwisi, amake n'kumukalipira?
Fomu ilibe mzere wa funso limeneli.

Hamala ndinabweza m'mawa.
Sumaili anayang'ana tchizulo chopanda fumbi, sanafunse.

Masiku ano makina ndimatulutsira pakhonde.
Timanyamulirana ndi mdzukulu, msana ukulira,
njinga za kabaza zimathira fumbi pansalu zoyera,
koma singano ndikuiona.
Sizasi ndinaisamutsira pa msomali.
Mphete yangokhala, yopanda cholendewera,
ndipo nthawi zina ndikamasesa ndimailambalala
monga timachitira ndi munthu amene ali pa swala.

Musaganize kuti ndagwirizana nawo a khonsolo.
Mkati mudakali mdima wa masana,
laimu mtengo wake ndi wa mbuzi ziwiri,
mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri a ku Ntchisi.
Dzulo ndalembanso kalata, tsamba limodzi, m'Chichewa:
Okondedwa a dziko,
poti nyumbayi ndi yathu tonse,
pakona ya kumpoto payambanso kudontha.
Beseni lachisanu mugule ndinu.