Mafuta a m'Zikhatho

Bambo anakana katatu.
"Wansembe akalowa ndi kabotolo kake,
kalipentala amanola sowo kuseri kwa nyumba.
Ndinaona kwa Venansiyo, ndinaona kwa Mukhuna.
Musandiitanire."

Koma sabata yachitatu ya chiperoni,
phiri litabisala ngati mkamwini wangongole,
chifuwa chawo chikulira ngati lata lomasuka msomali,
mayi Nahache a kumphakati anandikokera pakhonde:
"Emerensiya, usadikire kuti mapazi azizire."
Foni ndinakaimbira m'munda wa nanazi
kuti asandimve.

Bambo mfumu anafika Lachinayi dzuwa litapendeka,
njinga yamoto ataisiya kutsidya kwa Lichenya,
nsapato m'manja, matope ofiira mpaka m'mawondo.
Mnyamata ndithu, wochepa kwa mlongo wanga.
Bambo anamuyang'ana kamodzi
natembenukira kukhoma.

Tinachotsa wailesi pa katebulo, tinayala nsalu yoyera,
kandulo imodzi, ndi mtanda uja
tinaumata mkono ndi phula.
Tinatuluka kuti alape.
Anatenga nthawi yoti madzi nkuwira kawiri.
Mkatimo wina anaseka. Sindidziwa ndani.

Titalowanso, wansembe anasanjika manja pa imvi,
chete,
chete mpaka nkhuku inalowa, kutiyang'ana, nkutuluka.
Chala chachikulu m'mafuta, kamtanda pamphumi.
Kenaka: "Agogo, tambasulani manja."

Zikhatho zimenezo!
Zaka makumi atatu ndi zinayi m'mizere ya tiyi,
masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga,
utomoni utadetsa zikhadabo osachokanso,
ming'alu ngati dambo la mu Okutobala,
chala chimodzi chopindika
chikhalire cha mpeni wothenera.
Mafuta anamira m'ming'alumo osatsala,
wansembe naviikanso chala.

Bambo anati, mawu ngati ochokera m'chitini:
"Ku esiteti kalaliki ankayang'ana sikelo.
Kapitawo ankayang'ana dengu.
Manjawa palibe anandipemphapo kuti awaone."

Analandira Ukaristiya, kachidutswa chabe,
kotsitsira ndi supuni ya madzi.

Usiku anakana kusamba m'manja.
Anagona zikhatho zili m'mwamba
ngati munthu wa pamzere wa malipiro.
Ine korona m'manja, maso pa bulangeti,
kuwerenga mpweya wawo m'malo mwa mikanda.
Kuseri kwa khitchini, pansi pa pulasitiki wakuda,
matabwa asanu a bulugamu anatsamira khoma:
ndalama zake mlongo wanga anatumiza kuchokera ku Joni
ndi uthenga woti tikhale okonzeka.

Kutacha phiri linatuluka lonse,
mathithi akung'anima m'nthiti mwake.
Bambo anaitanitsa tiyi.
Analawa, nakwinya nkhope:
"Fumbi ili. Masamba enieni amawoloka nyanja."

Sindikunena kuti anachira.
Chifuwa chikadalira, miyendo ikadatupa,
adokotala a kuboma anapukusa mutu
ndipo mawu awo sanabweze.
Chimene chinasamuka m'nyumba muno ndi china:
kuja kudzidzimuka kwawo chitseko chikagogoda,
kuja kufunsa kuti kadzidzi walira kwa yani.

Matabwa aja anawapeza okha,
akuyesa ndodo kuzungulira nyumba.
Ndinaima ndi ndowa pamutu, manyazi mpaka m'khosi.
Anavundukula pulasitiki,
anagogoda thabwa limodzi, kumvetsera.
"Aawisi awa. Akanandipindikira panjira.
Kamuuzeni Mulima akhome benchi."

Ndiye pamene akhala pano, pansi pa mpeyala,
kuothera dzuwa la mu Ogasiti,
kudzudzula othyola tiyi patali kuti akusiya nsonga.
Lachisanu loyamba la mwezi wansembe akatulukira
amamusunthira malo, nagunda benchi ndi chikhatho:
"Khalani pa bokosi langa.
Nanga mafuta aja, atsalako?
Musamalizire a ku Mimosa okha.
Ine ndidzawafunanso,
ndipo ulendo umenewo ndidzakuitanani ndekha."