Mudzi Wathu pa Sikelo

Ntchito yanga ndi kulemba kulemera kwa malole
pa geti la mgodi wa miyala, kumadzulo kwa Lusaka.
Lole ikakwera pa sikelo ndimalemba: matani makumi atatu.
Sindilemba kuti umenewu ndi munda wa a Lufeyo Shachele
ukupita ku Makeni kukasanduka mpanda wa munthu.

Kamphundu unayamba ndi anthu anayi
ndi ngolo yothyoka gudumu,
chaka chimene dzombe linadya ndi udzu wa padenga womwe.
Anati tigone pano, tikonza mawa.
Mawa lakelo linatha zaka makumi asanu ndi atatu,
linabala chitsime, chigayo chokonda kufa Loweruka,
sukulu ya zipinda ziwiri
imene belu lake linali chitsulo cha gudumu lija.

Kenako kunabwera anyamata a zipewa zoyera
ndi chitini cha penti yofiira.
Khomo lililonse analipatsa nambala.
Lathu linali 47.
Amayi anafunsa ngati mtengo wa mango uli ndi nambala yake,
mnyamata anaseka, nalemba: mtengo umodzi.
Manda anawawerenga kawiri, sanagwirizane,
poti a Edesi anaika mapasa awo m'dzenje limodzi
ndipo pa fomu panali malo a dzina limodzi basi.

Katapila sanachedwe.
Pofika masana tchalitchi chinali fumbi,
nkhunda zikuzungulira pamwamba
kufunafuna denga loti ziterepo.

Lero tili mbalambanda.
Ena ku Kanyama, kumene madzi a mvula amalowa m'nyumba osaodira,
ena amaswa miyala ndi hamala m'mbali mwa msewu wa Mumbwa
n'kumagulitsa kwawo komwe pa wilibala.
Ine ndinapempha ntchito kuno. Ana amadya.

Ndikapita m'tauni ndimasisita makoma a masitolo atsopano.
Alonda amandiyang'ana.
Sadziwa kuti ndikupereka moni.

Nthawi ya nkhomaliro wezulo amalira, nthaka n'kugwedezeka,
tiyi wanga n'kutayikira pa buku la malisiti.
Fumbi likakhazikika ndimaima m'mphepete mwa dzenje
kuyeza ndi maso:
kuchokera pa thanki ya dizilo, mapazi makumi awiri chakumpoto,
pamenepo ndi pamene anakwirira mchombo wanga.
Palibe dothi.
Ndi mpweya wokhawokha,
ndi namzeze mmodzi amene amadutsapo
osadziwa kuti walowa m'chipinda cha amayi.