Kalembera wa M'chigwa cha Nkhosa

Fomu ya khonsolo inafika Lachiwiri, yonyowa m'kona,
chifukwa wapositi masiku ano amasiya makalata kumsewu;
kukwera phiri lino, akuti, kumatha mafuta.
Bambo Hedley Milburn anaiyala patebulo
pakati pa botolo la mapiritsi ndi phala lozizira.
Iwe Mwatitha, maso ako akadali akuthwa. Werenga.

M'nyumba muno mumakhala anthu angati?
Mmodzi, ndinatero.
Lemba awiri. Suja umabwera m'mawa uliwonse?
Ndimabwera maola awiri okha, bambo,
kenako ndimakhotakhota ndi mipanda ya miyala
mpaka kwa mayi Dodd kutsidya,
amene amandiitana ndi dzina la mwana wawo wa ku Leeds,
ine n'kumavomera.

Nanga nkhosa, afunsa pati?
Sanafunse.
Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa.
Mazana anayi ndi khumi, kuphatikiza yotsimphina ija,
ndipo iliyonse ndimaidziwa pamphumi.
Boma likuwerenga zimene zatha,
kusiya zimene zilipo.

Sindinawauze kuti ine sitandade 3
ndinaphunzira tili zana ndi makumi awiri,
ena pazenera, ena pakhomo,
buku limodzi mitu isanu.
Kuno sukulu anaitseka itatsala ndi ana asanu ndi awiri.
Belu likadali padenga, lachita dzimbiri,
ndipo m'kalasi mwa Hedley wamng'ono
mumagona alendo a ku London nthawi ya tchuthi,
amajambula nkhosa, n'kupita.

Kwathu anthu alipo, chosowa ndi benchi.
Kuno mabenchi ali mbwee m'tchalitchi,
abusa amodzi, mipingo isanu ndi umodzi.

Kodi mumagwiritsa ntchito basi?
Basi imabwera Lachinayi basi.
Kodi chipatala chili patali bwanji?
Apa anayang'ana mpando wa pafupi ndi moto,
umene sindiukhudza ndikamakolopa.
Usiku umene Edna anagwa, chipale chofewa chinatseka msewu wa ku Hexham.
Ndinawerenga wotchi, iwo anati,
ola limodzi, mphindi makumi anayi.
Bokosi la yankho linali laling'ono ngati chikhadabo.
Ndinalembamo: patali.

Tili pafunso lakhumi ndi chiwiri
galu anakanda chitseko, kulira kwake kwachilendo.
Mnyamata waganyu anali atapita kumsika wa ziweto.
Bondo langa silingafike kukhola, anatero,
koma dzanja lako ndi laling'ono.

Ine amene ndinalumbira pa Kamuzu, chikwama kumsana,
kuti fungo la mbuzi za bambo anga ndalisiya,
ndinagwada pa udzu wouma mu yunifolomu ya kampani,
foni ili pa ndowa, mawu a nkhalamba akunjenjemera mmenemo:
peza miyendo iwiri, mphuno ikhale pakati,
usakoke, dikira iyo ikankhe.
Kunja mphepo inkameta phiri.
M'kati munali motentha ngati m'kamwa.

Kanatuluka tere, kachikasu, zii.
Ndinakapukuta ndi udzu, ndinakalowetsa kaudzu m'mphuno
monga ndinaonera kalekale, kwina.
Kanayetsemula.

Kwa mayi Dodd ndinafika mochedwa ndi ola lathunthu,
ofesi inandiimbira kawiri,
ndipo pamalipiro adzadula, ndikudziwa.

M'mawa mwake fomu inali pomwe paja,
chikho cha tiyi chitaidinda mwezi wabulauni.
Funso lomaliza: m'chaka chino, pakhomo pano,
pabadwa ana angati?
Cholembera chinaima m'mwamba.
Pazenera, kamwana kankhosa kankayesa miyendo yake pamatope,
kugwa, kudzuka, kuthamangira bere.

Lemba mmodzi, anatero bambo Milburn.
Akadzabwera kudzafunsa, ndidzawaphikira tiyi.
Papita zaka zitatu
munthu wa boma asanaponde pakhomo pano.