Sikelo ya Eulogia

Kuno ku El Alto mpweya ndi wosowa,
umaupuma pang'onopang'ono ngati wobwereka.
Phiri la Illimani limadzuka tisanadzuke,
litafunda chipale choyera mbee.
Ine Eulogia ndimayala mbatatesi zanga
pomwe minibasi za ku Ceja zimakhotera:
zakuda, zofiirira, zina zouma ndi chisanu cha usiku,
sikelo pakati pawo ngati woweruza.

Woweruzayu anadya chiphuphu.
Singano yake inapindika chaka chatha
mwana wa Fermín ataigwetsa m'ngalande.
Imanama pang'ono, koma imanama mondikomera.
Ikati kilo yakwana,
kambatatesi kamodzi kamakhala katatsala kwa ine.
Ndinazindikira tsiku lomwelo.
Ndinangoti zii.

Maso anga afooka, ndiye Nayra, mdzukulu wanga,
amandiwerengera Malemba madzulo
agogo ake aamuna akutsokomola kuchipinda,
fumbi la migodi ya ku Oruro likuwapala m'chifuwa.
Lachitatu anawerenga za miyeso yonyenga,
kuti Mwini zonse amanyansidwa nayo.
Anawerenga mothamanga, akufuna kukagona.
Ine tulo tinandithawa.

Ndinayamba kudziikira kumbuyo mumdima:
Ambuye, kodi sindipereka basela?
Funsani msika wonse, ndani sadziwa basela wa Eulogia?
Koma mumdima mulibe msika.
Ndinakumbukira kuti dzanja langa limatambasuka kwambiri
akamadutsa mayi Clotilde, mkazi wa abusa,
ndipo mawu anga amakwera: tengani, tengani, n'za Mulungu izi!
Paja anatiuza kuti dzanja lina lisamve za linzake.
Anga awiriwa amagwirizana bwino:
lamanja limaliza belu,
lamanzere likutsina pa sikelo.

Si umbombo wokha ayi, ndisadzinamizirenso.
Ndi mantha.
Mankhwala a Saturnino akwera mtengo kawiri,
mwininyumba amagogoda pa tsiku loyamba la mwezi
ngati tamubera khomo.
Kambatatesi kamodzi, kamodzi, kamodzi,
pakutha pa mwezi ndi thumba.
Ndinkati ndikumuthandiza Mulungu kundisamala,
poti mwina ali ndi ambiri, angandiiwale.

M'mawa nkhunda zinatera pafupi ndi mapazi anga.
Ndikudziwa zimene zinanenedwa za mbalame,
zoti zilibe munda, zilibe nkhokwe, koma zimadya.
Ndinazikalipira: inu simulipira lendi!
Sizinandiyankhe. Zinatola zotola, n'kuuluka,
osasunga kanthu kukhosi kopitirira lero.

Masana ndinakulunga sikelo m'nsalu yanga ya mizeremizere,
ndinaibereka ngati mwana wodwala
mpaka kwa bambo Macario, wokonza mawotchi.
Anaiyang'ana, n'kundiyang'ana.
Anati, yakhala chonchi nthawi yaitali bwanji?
Ndinafuna kunena kuti dzana.
Ndinati chaka.
Iye sanawonjezere mawu, anangotenga pulayala.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mawa lake
ogula anachita kukanganirana,
kapena kuti Saturnino anagona osatsokomola.
Kunagwa matalala. Ndinagulitsa makilo asanu ndi anayi,
onse okwana, ndalama zochepa.
Mnyamata wopukuta nsapato, wobisa nkhope m'chipewa chaubweya,
anagula theka la kilo ndi makobili onyowa.
Ndinayang'ana uku ndi uku:
mayi Clotilde kunalibe, msewu unali mbuu.
Ndinamuponyera ziwiri m'thumba asakuwona.
Mtima unayamba kale kudziyamikira,
ndinauuza kuti, khala pansi iwe.

Usiku Nayra anafunsa, tiwerenge pati?
Ndinati pomwe paja, koma pang'onopang'ono.
Lendi ikadali yopelewera ndi maboliviyano makumi atatu,
ndipo tsiku loyamba la mwezi ndi Loweruka.
Ndayika sikelo pafupi ndi chitseko.
Singano yaima pa ziro, njoo,
ndipo ine, wosadziwa za Loweruka,
ndavula nsapato, ndazimitsa nyali.